Kodi thermistor ya 1 MΩ ingapulumutse batire la choyezera kuzizira kwa mkaka?

Bambo wina amene amakonza zipangizo zamagetsi m'boma la Thyolo watilembera za kachipangizo kamene wapangira gulu la alimi a ng'ombe za mkaka. Kachipangizoka kamayeza kuzizira kwa mkaka wa m'thanki mphindi iliyonse n'kusunga manambalawo, kuti m'mawa alimi adziwe ngati mkaka unafunda usiku magetsi atazima. Anagwiritsa ntchito microcontroller (kakompyuta kakang'ono koyendetsa chipangizo) ya ATmega328P, batire laling'ono la CR2032, ndi thermistor (kachida kamene resistance yake, ndiko kuti kukana kwake kudutsitsa magetsi, imasintha ndi kutentha) ya 10 kΩ yolumikizidwa ndi resistor (kachida ka resistance yosasintha) ya 10 kΩ, koma batire likutha pasanathe miyezi itatu. Mnzawo wawalangiza kuti agule thermistor ya 1 MΩ, ndipo akufunsa ngati zimenezi zingathetse vutoli.

Zikomo kwambiri bambo chifukwa cha funso lanu, limene mwalilemba ndi manambala ake onse, moti tikhoza kuwerengera limodzi m'malo mongoganizira. Maganizo anga ndinene mosabisa: thermistor ya 1 MΩ musagule pa ntchito imeneyi. Batire lanu likutha chifukwa chakuti thermistor mwaisiya ikudya magetsi usana ndi usiku, pamene mumaifuna kwa kanthawi kochepa ngati kuphethira kwa diso pa mphindi iliyonse. Mukakonza zimenezo, ngakhale ya 10 kΩ imene muli nayoyo ikhoza kukutumikirani zaka zingapo pa batire limodzi, ndipo ngati mukufuna kukwezako resistance, pa thanki yozizira komanso yonyowa ngati yanuyo malire oyenera ndi 100 kΩ.

Chimene anthu ambiri amaiwala pogula n'chakuti nambala yolembedwa pa thermistor ndi yoona pa madigiri 25 okha. Ma thermistor a mtundu wa NTC, womwe ndi mtundu mukugwiritsa ntchitowu, amaumbidwa ndi ufa wa ma oxide a zitsulo monga manganese, nickel ndi cobalt, n'kuotchedwa pa moto waukulu monga mmene amaotchera mbiya, ndipo khalidwe lawo ndi lakuti resistance imatsika kukatentha, imakwera kukazizira. Khalidwe limeneli Michael Faraday analiona kale mu 1833 pamene ankayesa silver sulfide. Kusinthako si kwapang'ono ayi. Pa thermistor yofala ya B 3950 (B ndi nambala yosonyeza kukula kwa kusinthako), digiri imodzi imasintha resistance ndi pafupifupi 4.4 peresenti pa madigiri 25, ndipo pa madigiri 4, pamene mkaka uyenera kusungidwa, kusinthako kumapitirira pang'ono 5 peresenti. Ndiye kuti m'thanki mwanu thermistor ya 10 kΩ imakhala pafupifupi 27 kΩ, ya 100 kΩ imakhala pafupifupi 273 kΩ, ndipo ya 1 MΩ imafika 2.7 MΩ. Mnzanuyo akutchula miliyoni imodzi, koma inu mudzakhala mukulimbana ndi ma ohm pafupifupi mamiliyoni atatu, ndipo kuzizira kukawonjezeka nambalayo imakwerabe.

Pa masamu a batire mnzanuyo sanalakwe. Divider yanu ya panopa (thermistor ndi resistor zolumikizidwa motsatana kuti zigawane voltage), pa batire la 3 V ndi mkaka wa madigiri 4, ikudutsitsa current ya pafupifupi 80 µA, ndipo thanki ikafunda kufika madigiri 25 imadutsitsa 150 µA. Batire la CR2032 limasunga pafupifupi 220 mAh, choncho 80 µA yokha ikhoza kulimaliza m'maola 2,750, omwe ndi masiku 115. Mukaphatikizapo nthawi imene mkaka wangofika kumene uli wofunda, nthawi yotsuka thanki ndi madzi otentha, ndi zimene microcontroller imadya, miyezi itatu yanu ija ikumveka bwino. Mutaika thermistor ya 100 kΩ ndi resistor ya 270 kΩ, current ikhoza kutsika kufika 5.5 µA, imene payokha ingatenge zaka zoposa zinayi kuti imalize batire lomwelo, ndipo ya 1 MΩ ndi resistor ya 2.7 MΩ ingadye 0.55 µA yokha. Papepala ya 1 MΩ ikuoneka yopambana, ndipo ndikumvetsa chifukwa chimene inakukopani.

Koma pali njira imene imaposa zonsezi popanda kugula kanthu. Chotsani mbali ya pamwamba ya divider ku batire, ndipo muilumikize ku mwendo umodzi wa microcontroller umene mwaukonza kuti ukhale wotulutsa magetsi. Nthawi yoyeza ikakwana, programu ikweze mwendowo, idikire pang'ono, iwerenge ADC (gawo la microcontroller limene limasandutsa voltage kukhala nambala), kenako iutsitse. Mwendowo ukatsika, mbali zonse ziwiri za divider zimakhala pa ground (mbali ya negetivu ya batire) ndipo palibe current iliyonse imene imadutsa. Tinene kuti mwasunga thermistor ya 10 kΩ, mwasintha resistor kukhala ya 27 kΩ, ndipo mukuyatsa kwa ma millisecond 10 pa mphindi iliyonse. Ikayaka imadya 55 µA, koma mukagawa pa mphindi yonse imatsala yosakwana 0.01 µA, yomwe ndi yochepa pafupifupi ka 60 poyerekeza ndi thermistor ya 1 MΩ yosiyidwa choyaka. Pamenepa thermistor yachoka pa mndandanda wa zinthu zodya batire, ndipo funso la resistance lasanduka funso la kulondola kwa muyezo basi.

Kunena zoona, pa mfundo ya kulondola kusiyana kwa 10 kΩ ndi 100 kΩ si kwakukulu, ndipo ngati ya 10 kΩ yanuyo ndi yabwino komanso yotsekedwa bwino, musaitaye. Komabe ine ndikanakhala kuti ndikugula yatsopano ndikanatenga ya 100 kΩ, pa zifukwa izi. Current ikamadutsa mu thermistor imaitenthetsa yokha, ndipo thermistor sidziwa kusiyanitsa kutentha kwa mkaka ndi kutentha kwa m'thupi mwake. Divider yanu ya panopa imataya pafupifupi 0.17 mW mu thermistor, ndipo kathermistor kakang'ono kamene kali mu mpweya wosayenda kamafunda pafupifupi digiri imodzi pa milliwatt imodzi kapena awiri, choncho cholakwika chikhoza kufika 0.1 kapena 0.2 ya digiri. M'madzi kapena mu mkaka cholakwikacho chimachepa kwambiri chifukwa kutenthako kumachotsedwa msanga, koma thanki ikakhala yosadzaza, probe (kachubu kokhala ndi thermistor) n'kutsala pamwamba pa mkaka, chimabwerera. Ya 100 kΩ imataya pafupifupi 8 µW, zomwe sizioneka n'komwe. Chinanso, mwendo wa microcontroller uli ndi resistance yakeyake ya ma ohm makumi angapo imene imadziphatikiza ku resistor yanu, ndipo pa 270 kΩ ma ohm amenewo amasowa ngati dontho m'nyanja. Koma chifukwa chimene chimandikoka kwambiri n'chakuti ya 100 kΩ imakhululuka zolakwa. Programu ikasokonezeka n'kusiya mwendo uli wokwera, batire silimva kanthu kwa zaka, pamene ya 10 kΩ ingalimalize m'miyezi yochepa popanda aliyense kudziwa chifukwa chake.

Tsopano tione chimene chimachitika mukapitirira pamenepo, chifukwa apa ndi pamene pagona nkhani yonse. ADC ya ATmega328P ili ndi kacapacitor (kachida kosunga magetsi pang'ono) ka m'kati ka pafupifupi 14 pF, kamene kamayenera kudzaza ndi voltage ya chinthu chikuyezedwacho m'kanthawi kochepa kwambiri. N'chifukwa chake datasheet yake (chikalata cha opanga) imanena kuti ADC imagwira bwino ntchito ndi gwero la resistance ya 10 kΩ kapena kutsika. Resistance imene ADC imaona pa divider ndi ya thermistor ndi resistor zitaikidwa mu parallel, ndipo pa madigiri 4 imakhala pafupifupi 13.5 kΩ pa thermistor ya 10 kΩ, 135 kΩ pa ya 100 kΩ, ndi 1.35 MΩ pa ya 1 MΩ. Mankhwala ake ndi odziwika: kuika capacitor pakati pa mwendo wa ADC ndi ground, kuti kacapacitor ka m'kati katunge m'dziwe lalikulu m'malo modikira madontho ochokera ku divider. Kuti kutungako kusatsitse muyezo wa ADC ya 10-bit (imene imawerenga kuyambira 0 mpaka 1023), ya kunjayo iyenera kukula pafupifupi ka 2,000 kuposa ya m'katiyo, ndiye 33 nF kapena 47 nF ndi yoyenera. Musaike ya electrolytic, chifukwa imadontha current yokha. Tengani ya film kapena ya ceramic yabwino.

Capacitor imeneyi nayo imafuna nthawi kuti idzaze mukangoyatsa divider, ndipo paja akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mukachulukitsa resistance ija ndi capacitance mumapeza nthawi inayake, ndipo ADC ya 10-bit imafuna kuti mudikire nthawi imeneyo kasanu n'kawiri. Pa 135 kΩ ndi 47 nF mudzadikira ma millisecond 44, zomwe n'zopirika. Pa 1.35 MΩ mudzadikira ma millisecond pafupifupi 440. Ngati microcontroller ili maso nthawi yonseyo, n'kumadya mwachitsanzo 1 mA, ndiye kuti pa mphindi iliyonse mwawonjezera pafupifupi 7 µA, yomwe ndi yochuluka kuposa zimene thermistor ya 100 kΩ ingadye mutaisiya choyaka osaizimitsa n'komwe. Thermistor imene munagula kuti ipulumutse batire ndi imene yachititsa kuti lidyedwe ndi chinthu china. N'zotheka kuigoneka microcontroller pa nthawi yodikirayo, ndipo ndikukulimbikitsani kutero ngakhale pa 100 kΩ pogwiritsa ntchito watchdog (kawotchi ka m'kati kamene kamaidzutsa) ya ma millisecond 64, koma vuto lotsatirali kugona sikulithetsa.

Mwendo uliwonse wa microcontroller umadontha current pang'ono. Datasheet ya ATmega328P imangolonjeza kuti kudonthako sikupitirira 1 µA, ngakhale kuti kawirikawiri kumakhala kochepa kwambiri kuposa apo, ndipo ma MSP430 a Texas Instruments ambiri amalonjeza 50 nA. Titenge 50 nA yomweyo ngati chitsanzo. Pa batire la 3 V, digiri imodzi pafupi ndi madigiri 4 imasuntha voltage ya pakati pa divider ndi pafupifupi 38 mV. Current ya 50 nA ikadutsa mu 13.5 kΩ imabweretsa cholakwika cha 0.02 ya digiri, mu 135 kΩ cha 0.17, ndipo mu 1.35 MΩ cha digiri 1.7. Choipa kwambiri n'chakuti kudontha kumeneku sikukhazikika, kumakula microcontroller ikatentha, moti simungakuchotse ndi nambala imodzi yoikidwa mu programu, popeza bokosi la m'chipinda cha malata masana a mwezi wa Okutobala si lofanana ndi bokosi lomwelo m'bandakucha wa mwezi wa Juni.

Koma mdani wamkulu pa thanki ya mkaka ndi chinyezi. Chitsulo chozizira chimachita thukuta, makamaka m'dzinja ndiponso m'masiku a chiperoni amene inu a ku Thyolo mumawadziwa bwino, ndipo thukutalo limatsetsereka ndi waya mpaka pamene thermistor inalumikizidwa. Madzi oyera enieni sadutsitsa magetsi kwambiri, koma madzi amene akhudza fumbi, sopo wotsukira thanki, mchere wa m'manja kapena flux yotsalira powotcherera amasanduka kanjira kamene kamadutsa pambali pa thermistor. Tiyerekeze kuti kanjirako kali ndi resistance ya 20 MΩ, imene mwa masiku onse munthu angaitche kuti palibe kulumikizana kulikonse. Pambali pa 27 kΩ kanjirako kamasuntha muyezo ndi 0.03 ya digiri, pambali pa 273 kΩ ndi pafupifupi kota ya digiri, koma pambali pa 2.7 MΩ kamatsitsa resistance ndi 12 peresenti, omwe ndi madigiri awiri ndi theka. Popeza resistance yotsika pa NTC imatanthauza kufunda, choyezera chanu chidzanena kuti mkaka uli pa madigiri 6.5 pamene uli pa madigiri 4. Ndinakumanapo ndi choyezera cha m'chipinda chozizira chimene chinkanena zoona m'chilimwe monse, mvula itangoyamba n'kuyamba kuonetsa kufunda kumene kunalibe, ndipo eni ake anavutika kufufuza makina oziziritsa amene analibe vuto lililonse. Titatsegula polumikizira mawaya tinapeza mwanyowa ndipo mwachita zobiriwira. Chimene chimandidetsa nkhawa pa nkhani yotere si kulakwa kwa nambala kokha, koma kuti alimi akanamizidwa kawiri kapena katatu amaleka kuchikhulupirira chipangizocho, ndipo tsiku limene mkaka udzafundedi sadzachimvera.

Palinso phokoso la magetsi. Magetsi athu a m'nyumba ndi a 50 Hz, ndipo pafupi ndi thanki pali mota ya compressor ndi mota yotakasa mkaka. Waya wautali wolumikizidwa ku resistance yaikulu amatola phokosoli mosavuta, ndipo resistance ikamakula phokoso lotoledwalo limakulanso. Gwiritsani ntchito mawaya awiri opotana, makamaka okhala ndi chophimba cha shield cholumikizidwa ku ground mbali ya bokosi yokha, musawayendetse limodzi ndi mawaya a mota, ndipo mu programu werengani ADC kangapo mofanana mipata kwa ma millisecond 20, omwe ndi kuzungulira kumodzi kwa 50 Hz, n'kutenga avareji. Ngati phokoso lapitirirabe, thermistor ya 100 kΩ imakupatsani mwayi wina: kuisiya choyaka nthawi zonse n'kuika capacitor yaikulu monga 470 nF, imene imasefa 50 Hz kwambiri, pa mtengo wa 5.5 µA ija. Za kutalika kwa waya musade nkhawa. Waya wopyapyala wa mamita 10, kupita ndi kubwera, ali ndi ma ohm osakwana awiri, pamene digiri imodzi pa thermistor imeneyi ndi ma ohm pafupifupi 14,000. Ma ohm omwewo pa choyezera cha Pt100, chimene chimasintha ndi 0.385 ohm pa digiri, akanabweretsa cholakwika cha madigiri anayi, ndipo apa ndi pamene thermistor ya resistance yokwererapo imaonetsa ubwino wake weniweni.

Ndikuchenjezeninso za multimeter yanu. Zambiri zimakhala ndi resistance ya 10 MΩ poyeza voltage, choncho mukaigunditsa pakati pa divider ya 100 kΩ imatsitsa voltage ndi pafupifupi 20 mV, theka la digiri, ndipo pa divider ya 1 MΩ imaitsitsa ndi pafupifupi 180 mV. Amisiri ambiri amataya tsiku lonse akufunafuna vuto limene labwera ndi chida choyezera chomwecho.

Mwina mwadabwa kuti ndikutchula resistor ya 270 kΩ osati ya 100 kΩ. Divider imamva bwino kusintha kwa kutentha pamene resistor ikufanana ndi thermistor, choncho resistor isankhidwe molingana ndi kutentha kumene mukufuna kukuyang'anitsitsa, osati molingana ndi nambala yolembedwa pa paketi. Ndi 270 kΩ, digiri imodzi pa madigiri 4 imakupatsani masitepe pafupifupi 13 a ADC, ndipo pa madigiri 35, pamene mkaka wangokamidwa kumene, imakupatsanibe masitepe oposa asanu ndi limodzi, omwe ndi okwanira kuonetsa mmene thanki ikutsitsira kutentha. Resistor ikhale ya metal film, ya 0.1 peresenti ngati ikupezeka, apo ayi ya 1 peresenti imene mwaiyeza. Ndipo reference ya ADC (voltage imene imayerekezera nayo miyezo) ikhale AVCC, magetsi omwewo amene akudyetsa divider, osati ya m'kati ija ya 1.1 V. Mukatero ADC imayeza chigawo osati voltage, moti batire likamafooka kuchoka pa 3 V kutsika, manambala anu sasuntha.

Pa nkhani ya kulondola, manambala awiri a pa datasheet ndi amene muyenera kuwayang'ana, kulolera kwa resistance ndi kulolera kwa B. Thermistor ya 5 peresenti ikhoza kuphonya ndi digiri yathunthu pa madigiri 4, ya 1 peresenti ndi 0.2 ya digiri, ndipo B ikaphonya ndi 1 peresenti imawonjezeranso pafupifupi 0.2 ina. Nambala ya B nayonso imayezedwa pakati pa madigiri 25 ndi 50, kapena 25 ndi 85, choncho mukaigwiritsa ntchito kumbali ya kuzizira imapatukako pang'ono, ndipo manambala onse ndalemba m'kalata munowa muwatenge ngati oyandikira. Opanga odziwika monga Murata, TDK, Vishay ndi Semitec amasindikiza tebulo la resistance pa madigiri osiyanasiyana, ndipo tebulo limenelo ndi lodalirika kuposa B. Ngati mukufuna masamu m'malo mwa tebulo, gwiritsani ntchito equation ya Steinhart ndi Hart, imene John Steinhart ndi Stanley Hart anaifalitsa mu 1968 pa ntchito yoyeza kutentha m'nyanja zakuya; imafuna miyezo itatu ndipo imatsatira kupindika kwa thermistor bwino kwambiri. Inu muli ndi mwayi umene oyeza ng'anjo alibe, chifukwa muyezo wodalirika uli pafupi ndi pamene mukugwirira ntchito. Dzazani flasiki ndi ayezi wophwanyaphwanya wopangidwa ndi madzi oyera, thiranimo madzi ozizira ongokwanira kudzaza mipata, takasani, ndipo muviike probe pakati osakhudza m'mbali kwa mphindi zingapo. Osakanizawo ali pa madigiri 0. Nambala imene ADC yawerenga pamenepo muisunge mu EEPROM (memory ya microcontroller imene sifufutika magetsi akazima), ndipo ikonza nthawi imodzi kuphonya kwa thermistor, kwa resistor ndi kwa ADC. Muzibwereza zimenezi mvula isanayambe komanso pakati pa dzinja, chifukwa miyezo iwiriyo ikasiyana mudzadziwa kuti chinyezi chalowa.

Probe yeniyeniyo ndi imene ndingakupempheni kuti muwonongerepo ndalama. Thermistor yotsekeredwa m'galasi imakana chinyezi kuposa yomatidwa ndi epoxy yokha, imene imayamwa madzi pang'onopang'ono ikamazizira n'kutentha mobwerezabwereza monga zimachitikira pa thanki yotsukidwa tsiku ndi tsiku. Ikhale m'chubu cha stainless steel chotseka kumapeto, popeza china chilichonse sichiyenera kukhudza mkaka umene anthu adzamwe, ndipo ngati thanki ili ndi kachibowo kake koikamo choyezera, gwiritsani ntchito kameneko. Polumikiza mawaya pasakhale pamalo amene thukuta limadutsa, pamatidwe ndi heat shrink yokhala ndi guluu m'kati, ndipo waya asanalowe m'bokosi mumupinde atsike pansi kenako akwere, kuti madontho agwere pansi asanafike pakhomo pa bokosilo. Board mukamaliza kuwotcherera muitsuke ndi isopropyl alcohol, iume bwinobwino, kenako muipake vanishi wa ma board, makamaka mozungulira mwendo wa ADC.

Mukachita zonsezi batire n'kumathabe msanga, wolakwa si thermistor. Ikani multimeter pa µA pakati pa batire ndi board, muone zimene ikudya ili mtulo. ATmega328P yogona bwino ndi watchdog yoyaka imadya ma microamp ochepa, osafika 10. Ngati mukuona mazana, kawirikawiri ndi chifukwa chakuti ADC sinazimitsidwe musanaigoneke, popeza imakhalabe yoyaka mtulo ngati simunatsitse bit ya ADEN, kapena pali miyendo imene yasiyidwa yosalumikizidwa kulikonse. Brown-out detector, gawo loyang'anira kutsika kwa voltage, nayo imadya gawo lake. Ndipo ngati mukugwiritsa ntchito board ya Arduino yogula, kanyali kake kosonyeza kuti yayaka pamodzi ndi regulator zimadya kuposa zinthu zonse takambiranazi kuziphatikiza, choncho muzichotse. Batire la CR2032 silikondanso kukokedwa current yambiri mwadzidzidzi, ndiye ngati mukulemba manambala pa memory card kapena mukufuna kuwonjezera belu lochenjeza, mabatire awiri a AA adzakuchitirani bwino.

Sindikufuna kuti mutenge ngati ma thermistor a 1 MΩ ndi achabe. Malo ake ndi kotentha, kumene resistance imagwa kwambiri. Thermistor ya 100 kΩ imatsala pafupifupi 7 kΩ pa madigiri 100, ndipo pa madigiri 200 imatsala ma ohm mazana angapo, n'chifukwa chake makina osindikiza zinthu a 3D amakonda ya 100 kΩ osati ya 10 kΩ, ndipo oyeza ma uvuni nthawi zina amakwera mpaka 1 MΩ. Kumeneko kulibe thukuta, ndipo miliyoni ija imakhala itatsika kale kufika pamene ADC imaiwerenga mosavuta. Imathandizanso pa tizipangizo tating'ono totsekedwa kotheratu, pamene thermistor ili pa board pomwepo popanda waya, ikuyang'aniridwa nthawi zonse ndi comparator (kachida koyerekeza ma voltage awiri) yodya current yosafika 1 µA. Thanki yanu ili kumbali inayo: ndi yozizira, yonyowa, ndipo ili ndi waya wautali pafupi ndi mota. Mwina wina adzakuuzaninso za DS18B20, choyezera kutentha cha digito, imene imagulitsidwa kale m'chubu cha chitsulo ndipo imalondola mpaka theka la digiri. Ndi yabwino, koma imafuna magetsi osachepera 3 V, zimene CR2032 silingasunge kwa nthawi yaitali, ndipo imadya pafupifupi 1 mA kwa ma millisecond 750 pa muyezo uliwonse wa 12-bit.

Chinthu chimodzi musachisiye mu programu, chifukwa chikukhudza mkaka wa anthu. Ngati mwalumikiza monga ndafotokozera, resistor pamwamba ndi thermistor kumbali ya ground, waya akaduka kapena khoswe akamutafuna ADC idzawerenga pafupi ndi 1023, ndipo masamu adzamasulira nambala imeneyo ngati kuzizira koopsa. Choyezera chidzakhala chikunena kuti mkaka ndi wozizira bwino pamene sichikuyeza kalikonse. Ndi thermistor ya 100 kΩ ndi resistor ya 270 kΩ, madzi a ayezi amawerengedwa chapafupi ndi 565, ndipo madzi otsukira a madigiri 80 chapafupi ndi 46. Nambala iliyonse yopitirira 900 kapena yosafika 15 programu isailembe ngati kutentha, koma iilembe kuti probe yawonongeka, ndipo iyatse chizindikiro choti woyang'anira thanki achione akangolowa m'mawa.